Kompyuta Ikakana Mwini Wake: Phunziro la Makiyi Atatu Kuchokera ku Ekurhuleni

Kumapeto a mwezi kumakhala piringupiringu m'maofesi ang'onoang'ono a magulu a m'madera. Mlembi amafuna kaundula wa mamembala, msungichuma amafuna ndondomeko ya zopereka, ndipo bungwe lothandiza gululo limakhala likudikira lipoti. Pa nthawi yotereyi, kabokosi kakang'ono kakhoza kutulukira pa sikirini ya kompyuta, kolembedwa kuti "Unlock Login Keyring", kakufuna mawu achinsinsi amene palibe akuwakumbukira. Munthu akakatseka kamabweranso. Akayesa kutsegula foda imene anzake onse amasungamo mafayilo, nayonso imamukana. Ntchito ya tsiku lonse imaima, chonsecho kompyutayo ili bwinobwino ndipo palibe chimene chawonongeka.

Vutoli ndi lodziwika kulikonse kumene anthu angapo amagwiritsa ntchito kompyuta imodzi, ndipo ambiri amathamangira kwa wokonza n'kulipira ndalama pa chinthu chimene akadachithetsa okha. Choopsa kwambiri n'chakuti ena, pofuna kuchotsa kabokosiko msanga, amafufuta zinthu zimene sizingabwezedwe, kapena amasiya zinsinsi za mamembala poyera.

Mzinda wa migodi ndi mafakitale

Ekurhuleni ndi mzinda waukulu umene uli kummawa kwa Johannesburg, m'chigawo cha Gauteng. Udakhazikitsidwa m'chaka cha 2000 pophatikiza matauni a dera limene kale linkatchedwa East Rand, monga Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Kempton Park, pamodzi ndi makomboni akuluakulu a Tembisa, Katlehong, Thokoza, Vosloorus, Daveyton ndi KwaThema. Dzinali ndi la Chitsonga ndipo limatanthauza malo a mtendere. Kalembera wa m'chaka cha 2022 adapeza kuti mumzindawu muli anthu oposa 4 miliyoni. Bwalo la ndege la OR Tambo, pamene Amalawi ambiri amatera akamapita ku Joni, lili m'dera lomweli.

Amalawi si alendo kumeneko. Makolo awo ankapita ku migodi ya golide kudzera ku Wenela, mpaka m'chaka cha 1974 pamene Dr Kamuzu Banda adaimitsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Lero adzukulu awo amagwira ntchito m'mafakitale, m'magalaja, m'nyumba za anthu, m'mashopu osokera zovala ndi m'minda ya ndiwo zamasamba. Ambiri ali m'magulu a chipeleganyu, amene kumeneko amawatcha stokvel, komanso m'magulu othandizana pa maliro, amene amasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi mnzawo akamwalira. Alimi ang'onoang'ono nawo ali ndi makopaletivi, ndipo ena amakagulitsa zokolola pa msika waukulu wa ku Springs.

Magulu onsewa amadalira zolemba, ndipo zolembazo zidachoka m'makope n'kulowa m'kompyuta. Luso la kompyuta lidafika m'makomboni kudzera m'masukulu, m'malaibulale a khonsolo ndi m'malo ophunzitsira anthu wamba, monga Siyafunda Community Technology Centre imene idayamba ku Palm Ridge m'chaka cha 2006. Komabe maphunziro ambiri amathera pa kulemba kalata ndi kutumiza imelo. Nkhani ya mmene kompyuta imasungira mawu achinsinsi siifikidwa kawirikawiri.

Chifukwa chake nkhaniyi yakula tsopano

Kabokosi kotchulidwa kaja kamapezeka pa makompyuta oyendera Linux, makamaka Ubuntu ndi Linux Mint. Dziko la South Africa lili ndi mbiri yake pa mapulogalamu amenewa. Ubuntu idayambitsidwa mu October 2004 ndi Mark Shuttleworth, mbadwa ya dzikolo, ndipo dzina lake ndi lofanana ndi umunthu wa pa Chichewa. Bungwe la Shuttleworth Foundation lidathandizanso kuika zipinda za makompyuta zotchedwa tuXlab m'masukulu, kuyambira m'chigawo cha Western Cape. Mu February 2007 nduna za boma la South Africa zidavomereza mfundo yolimbikitsa maofesi a boma kugwiritsa ntchito mapulogalamu aulere amene aliyense angathe kuwaunika ndi kuwasintha.

Chawonjezera moto ndi chimene chidachitika pa 14 October 2025, pamene kampani ya Microsoft idasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse pa Windows 10. Makompyuta ambiri akale, amene ndiwo amaperekedwa ngati mphatso ku magulu a m'madera, alibe zipangizo zimene Windows 11 imafuna. Njira yotsika mtengo yowapulumutsira kudzala ndi kuwaikamo Linux. Motero mlembi amene adazolowera Windows amakumana ndi mawu akuti keyring kwa nthawi yoyamba, wopanda womufotokozera.

Maloko atatu, makiyi atatu

Gwero la chisokonezo ndi lakuti munthu amaona ngati kompyuta ili ndi mawu achinsinsi amodzi, pamene kwenikweni pali maloko atatu osiyana.

Loko woyamba ali ngati wa pa khomo la ofesi. Awa ndi mawu amene munthu amalemba akayatsa kompyuta kuti alowe m'dzina lake.

Loko wachiwiri ali ngati wa pa kabati imene ili m'kati mwa ofesiyo, mmene mumakolekedwa makiyi ena onse. Kabati imeneyi ndiyo keyring, kutanthauza kamphete komangirapo makiyi. Ndi kafayilo kakang'ono kobisidwa mwaluso, mmene kompyuta imasungamo mawu achinsinsi a imelo, a mafoda a pa netiweki, ndi kiyi imene mapulogalamu monga Chrome amatsekera mawu achinsinsi a masamba a pa intaneti. Pa Ubuntu ntchitoyi imagwiridwa ndi GNOME Keyring. Pa Windows kabatiyi imatchedwa Credential Manager, ndipo pa makompyuta a Apple ndi Keychain.

Loko wachitatu ali ngati wa pa nyumba yosungira katundu ya kopaletivi, imene ili pa mudzi wina. Iyi ndi foda imene ili pa kompyuta ina kapena pa seva, yomwe anthu onse a mu ofesi amaifikira kudzera pa netiweki. Makompyuta amalankhulana pa nkhaniyi m'njira yotchedwa SMB, ndipo pulogalamu imene imathandiza Linux kumvana ndi Windows ndi Samba, yomwe Andrew Tridgell wa ku Australia adaiyamba m'chaka cha 1992. Mwini wa loko wachitatuyu ndi kompyuta yosunga fodayo, osati imene munthu wakhalapo.

Pa tsiku limene dzina la munthu lapangidwa, loko woyamba ndi wachiwiri amapatsidwa mawu ofanana. Munthuyo akalowa, kompyuta imatenga mawu amene walemba pakhomo n'kutsegulira kabati mwakachetechete. Ndiye chifukwa chake ambiri amatha chaka chathunthu osadziwa kuti kabatiyo iliko. Imaonekera pokhapokha maloko awiriwa akasiyana.

Zimene zimasiyanitsa maloko

Njira yoyamba ndi yodziwika kwambiri m'magulu a m'madera. Mlembi wakale akasamuka, kapena akabwerera kumudzi, amasiya kompyuta imene palibe angalowemo. Komiti imaitana mnyamata wodziwa makompyuta, ndipo iye amagwiritsa ntchito mphamvu za woyang'anira kusintha mawu a pakhomo. Khomo limatsegukadi, koma kabati imatsala ndi mawu akale, popeza woyang'anira alibe mphamvu yoitsegula. Kompyuta imayamba kudandaula kuti mawu olowera sakugwirizananso ndi a keyring. Zikadakhala kuti mwini dzina wasintha yekha mawuwo, polemba akale kenaka atsopano, maloko onse awiri akadasinthira limodzi.

Njira yachiwiri ndi kuichititsa kompyuta kuti izilowa yokha ikayatsidwa, osafunsa kanthu. Maofesi ambiri amachita zimenezi pofuna kuchepetsa ntchito. Koma ngati pakhomo sipadalembedwe mawu alionse, kompyuta imasowa chotsegulira kabati, ndipo imafunsa pa nthawi imene pulogalamu yoyamba yafuna kiyi. Apa palibe chimene chalakwika: mawu amene akufunidwa ndi olowera aja.

Njira yachitatu ndi yaing'ono koma imavutitsa anthu ambiri. Batani la Caps Lock likhoza kukhala loyatsa, kapena la Num Lock lozima, kapenanso kiyibodi idakonzedwa mwa Chingerezi cha ku Britain pamene zilembo za pamabatani ndi za ku America, kotero kuti chizindikiro cha @ chili pamalo ena. Popeza mawu achinsinsi amaoneka ngati timadontho, munthu sazindikira kuti akulemba zina. Njira yodziwira ndi kulemba zizindikirozo pa tsamba lopanda kanthu n'kuona chimene chikutuluka.

Kukonza kabati popanda kuiphwanya

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu choyamba ndi kufunafuna mawu akale, ngakhale zitatengera kuimbira foni mlembi amene adachoka uja. Mawuwo akapezeka, ntchito ndi ya mphindi zochepa. Mlembi atsegule pulogalamu yotchedwa Passwords and Keys, imene ena amaidziwa kuti Seahorse, adine batani lakumanja la mausi pa mzere wolembedwa Login, asankhe Change Password, alembe mawu akale, kenaka alembe mawu amene akulowera masiku ano. Maloko awiri aja amagwirizananso ndipo palibe chimene chimatayika.

Mawu akale akasoweratu, palibe katswiri amene angatsegule kabatiyo mwachidule, pakuti idapangidwira dala kuti wakuba asathe kutero. Chotsala ndi kupanga kabati yatsopano. Kafayilo kake kamatchedwa login.keyring ndipo kamakhala m'foda yobisika ya .local/share/keyrings, imene imaoneka munthu akadina Ctrl ndi H ali m'foda yake yaikulu. Nzeru ndi kukasamutsira pamalo ena otetezeka m'malo mokafufuta, chifukwa mawu oiwalika aja akhoza kudzakumbukika mawa. Akatero atuluke n'kulowanso, ndipo kompyuta idzapanga kabati yatsopano yopanda kanthu.

Asadachite zimenezi, komiti iyenera kudziwa mtengo wake. Makiyi onse amene adali m'kabati yakale sadzapezekanso, kuphatikizapo mawu amene Chrome idasunga, pokhapokha ngati adasungidwanso mu akaunti ya Google. Ngati mawu a imelo ya gulu, a ku SARS eFiling kapena a ku banki ankadziwika ndi kompyuta yokhayo, gululo lidzafunika kuwapempha mwatsopano, ndipo uthenga wotsimikizira umapita ku nambala ya foni imene idalembetsedwa, yomwe kawirikawiri imakhala ya mlembi wochoka uja. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwalemba mndandanda wa malo onse amene kompyutayo imalowa yokha.

Pali uphungu wina umene umamveka wokoma: kusiya mawu a kabati opanda kanthu kuti kabokosi kaja kasabwerenso. Kamasiyadi kubwera, koma kuyambira pamenepo mawu onse achinsinsi amasungidwa osabisika, moti aliyense wotenga kompyutayo akhoza kuwawerenga. Pa kompyuta yosunga maina, manambala a ziphaso ndi ndalama za anthu, kutero kuli ngati kuchotsa chitseko chifukwa choti loko akulimba.

Foda ya onse ikakana kutseguka

Vuto la loko wachitatu limayamba nthawi zambiri ndi kukumbukira kwa kompyuta, osati kuiwala kwake. Munthu akamalowa m'foda ya pa netiweki koyamba, Ubuntu imamupatsa zosankha zitatu: kuiwala mawuwo pompopompo, kuwakumbukira mpaka atatuluka, kapena kuwakumbukira mpaka kalekale. Akasankha chachitatu, mawuwo amakolekedwa m'kabati. Tsiku limene mawu a pa seva asinthidwa, kompyuta imapitiriza kupereka akale aja, ndipo pa maseva ena kuyesa kobwerezabwereza kumachititsa kuti dzina la munthuyo litsekedwe kwa kanthawi.

Mankhwala ake ndi kuchotsa kiyi yokhayo yakaleyo, osati kabati yonse. Mu Passwords and Keys, pansi pa Login, pamakhala mzere wosonyeza dzina la seva, ndipo ukafufutidwa kompyuta imafunsa mawu atsopano. Pa Windows mzere woterewu umapezeka mu Credential Manager, pa gawo la Windows Credentials. Windows ilinso ndi khalidwe lakuti silola munthu mmodzi kulumikizana ndi seva imodzi ndi maina awiri pa nthawi imodzi, ndipo imaonetsa nambala ya vuto 1219. Kutuluka n'kulowanso kumadula kulumikizana kwakaleko.

Mfundo zina ziwiri zimasokoneza anthu. Yoyamba ndi yakuti Samba imasunga mndandanda wakewake wa mawu achinsinsi, kotero kusintha mawu olowera pa kompyuta yosunga foda sikutanthauza kuti a foda asinthanso. Woyang'anira amawasintha padera ndi lamulo la smbpasswd. Yachiwiri ndi yakuti nambala ya PIN imene anthu amalowera pa Windows imagwira ntchito pa kompyuta yomweyo basi. Foda ya pa netiweki imafuna dzina ndi mawu enieni achinsinsi.

Magetsi ndi zipangizo zakale

Nthawi zina loko alibe mlandu. M'chaka cha 2023 dziko la South Africa lidaona kuzimazima kwa magetsi kwa masiku oposa 300, ndipo ngakhale zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 2024, phunziro lake likadali lofunika ku Gauteng monganso ku Lilongwe, Chipata ndi Tete. Magetsi akabwera, rauta imagawa manambala a adiresi mwatsopano, ndipo kompyuta yosunga foda ikhoza kulandira nambala ina. Anzake amapitiriza kugogoda pa khomo lakale, pamene mwini nyumba adasamuka. Chizindikiro chake n'chakuti kompyuta siifunsa n'komwe mawu achinsinsi, imangonena kuti malowo sakupezeka. Wodziwa akhoza kukonza rauta kuti kompyuta yosunga foda izilandira nambala yomweyomweyo nthawi zonse.

Zipangizo zakale zosungira mafayilo zili ndi vuto lina. Zambiri zimangodziwa njira yoyamba ya SMB, yotchedwa SMB1. Mu May 2017 pulogalamu yoipa ya WannaCry idadzera pa chibowo cha njira imeneyi n'kutseka mafayilo m'maiko oposa 150, kuphatikizapo m'zipatala za boma ku Britain, ndipo eni ake ankafuna dipo. Kuchokera chaka chimenecho Windows 10 idayamba kubwera njirayi itachotsedwa, ndipo Samba idaizimitsa m'chaka cha 2019. Choncho kompyuta yatsopano ikhoza kukana chipangizo chakale ngakhale mawu achinsinsi ali olondola. Wokonza wina angafune kuyatsanso SMB1 kuti ntchito iyende, koma chanzeru ndi kusamutsira mafayilo pa chipangizo chimene chimadziwa njira zatsopano.

Lamulo likuti chiyani

Nkhaniyi siithera pa luso lokha. Lamulo la South Africa loteteza mbiri za anthu, lotchedwa POPIA, lidavomerezedwa m'chaka cha 2013 ndipo lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Limakhudza aliyense wosunga maina, manambala a ziphaso kapena mbiri ya umoyo wa anthu ena, kaya ndi kampani yaikulu kaya ndi gulu la maliro, ndipo chindapusa chake chikhoza kufika R10 miliyoni. Mu July 2023 ofesi yoyang'anira lamuloli, Information Regulator, idalamula unduna wa za chilungamo wa dzikolo kulipira R5 miliyoni pa nkhani yochokera ku kuthyoledwa kwa makompyuta ake m'chaka cha 2021. Dziko la Malawi nalo lidakhazikitsa lamulo lake loteteza mbiri za anthu m'chaka cha 2024.

Kwa anthu obwera, kaundula wa gulu ndi chinthu chofunika kuchisamala koposa, chifukwa mumakhala manambala a mapasipoti, malo okhala ndi maina a achibale a kumudzi. Palinso mbali ina: mabungwe olembetsedwa pansi pa lamulo la 1997 la mabungwe osapanga phindu amayenera kupereka lipoti ku unduna wa za chitukuko cha anthu pasadathe miyezi 9 chaka chawo cha zachuma chitatha, ndipo olephera akhoza kuchotsedwa m'kaundula. Foda yotsekeka pa nthawi yolakwika ikhoza kutayitsa gulu chiphaso chake ndi thandizo lomwe.

Nzeru ya banki m'khonde

Alimi a ku Malawi ndi Zambia akudziwa kale yankho, ngakhale sadalione pa kompyuta. Bokosi la banki m'khonde limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi sasunga kiyi. Cholinga chake n'chakuti chuma cha gulu chisadalire munthu mmodzi. Mawu achinsinsi a gulu akufunika mwambo womwewo.

Aliyense wogwiritsa ntchito kompyuta ya gulu akhale ndi dzina lakelake lolowera, pakuti dzina lililonse lili ndi kabati yake. Pa kompyuta ya ku laibulale kapena ya pa malo olipira, munthu asankhe kuti mawu aiwalidwe pompopompo. Mawu a woyang'anira, a imelo ya gulu ndi a foda ya onse alembedwe papepala, amatidwe mu envulopu, wapampando ndi msungichuma asainire pa chomatacho, ndipo isungidwe pamalo okhoma, osati pansi pa kiyibodi. Nambala ya foni yolandirira mauthenga otsimikizira ikhale ya gulu. Mafayilo ofunika akopedwe mwezi ndi mwezi pa chipangizo china chosungidwa kunja kwa ofesi.

Koposa zonse, tsiku losiyirana udindo likhale tsiku losiyirana makiyi. Mlembi wotuluka akhale pansi ndi wolowa, komiti ikuona, asinthe yekha mawu olowera kuti kabati isinthire limodzi, ndipo pamodzi atsegule imelo, foda ndi masamba onse a boma kuti atsimikize kuti zikutseguka. Akatha, mawu a foda ndi a imelo asinthidwe, envulopu yakale ing'ambidwe, yatsopano imatidwe, ndipo tsikulo lilembedwe m'buku la zokambirana za komiti. Ntchito yonseyi siipitirira ola limodzi, ndipo iyenera kuchitika mlembi wakaleyo asadakwere basi yobwerera kumudzi.